Chikombole ndi chipala: mmene amisiri a Moche ankapangira mafumu awo

Gombe la kumpoto kwa dziko la Peru ndi chipululu. Zaka zimatha kudutsa mvula yeniyeni osagwa, ndipo moyo wonse umadalira mitsinje yochepa yotsika m'mapiri a Andes, imene imang'amba mchenga kupita ku nyanja ya Pacific. M'zigwa za mitsinje imeneyi, kuyambira cha m'ma 100 mpaka cha m'ma 800 pambuyo pa kubadwa kwa Khristu, munkakhala anthu amene lero timawatchula kuti Moche. Dzinali ndi la mtsinje umene uli pafupi ndi mzinda wa Trujillo, ndipo anawapatsa ndi akatswiri ofukula zakale. Ankakumba ngalande zothirira zotalika makilomita ambiri, ankalima chimanga, nyemba, maungu, tsabola, mtedza ndi thonje, ndipo ankapha nsomba atakwera timabwato ta mabango. Timabwato ta mtundu womwewo asodzi a ku Huanchaco akupalasabe mpaka lero.

Anthuwa analibe zilembo. Zimene timadziwa za iwo tazimva kuchokera ku dongo, mkuwa, golide ndi makoma. Munthu akaona ziwiya zawo koyamba amaganiza kuti woumba aliyense ankangoumba chimene chamusangalatsa m'maso, chifukwa pali kadzidzi, nkhanu, bakha, mbatata, chule, munthu wakhungu, mayi akubereka. Ukayang'anitsitsa umapeza kuti luso limeneli linali ndi malamulo okhwima, ndipo linkatumikira anthu ochepa amene ankalamulira madzi, nkhondo ndi nsembe.

Chiwiya chimene Moche amadziwika nacho kwambiri ndi nsupa ya dongo yokhala ndi chogwirira chachilendo. Pamwamba pa thupi la nsupayo pamachoka timipope tiwiri topindika ngati uta, timakumana pakati, ndipo pokumanapo pamaima kakhosi kamodzi kowongoka. Chogwiriracho ndi chobooka mkati. Ukamatsanula, madzi amatsika mbali imodzi, mpweya n'kumalowa mbali inayo. Kaumbidwe kameneka Moche anakapeza kale, chifukwa anthu a Cupisnique, amene anakhala pagombe lomwelo zaka mazanamazana m'mbuyomo, ankaumbanso choncho. Rafael Larco Hoyle, mwana wa mwini minda ya nzimbe ku Chicama amene anatsegula nyumba yosungiramo zakale mu 1926, anaona kuti kakhosi aka kankasintha m'kupita kwa nthawi. Poyamba kanali kakafupi, ka milomo yokhuthala, kenako kanatalika n'kumaonda. Potengera zimenezi anagawa mbiri ya Moche m'magawo asanu. Kagawidwe kake kamagwira bwino ntchito m'zigwa za kumwera. Kumpoto, ku Jequetepeque, Lambayeque ndi Piura, kamasokonekera, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri ambiri masiku ano amanenera kuti Moche sunali ufumu umodzi. Anali maufumu angapo ogawana chipembedzo ndi kavalidwe ka akuluakulu.

Gudumu loumbira analibe, mankhwala onyezimiritsa ngati a makapu a m'sitolo analibenso. Kusalala kumene mumaona pa ziwiyazi kunachokera ku nkhulungo. Woumba ankapaka madzi a dongo losefedwa bwino, lina lofiira ngati katondo, lina loyererako, kenako dongolo lisanaumitsitse ankalikulungiza ndi mwala kapena fupa mpaka kuwala. Mitundu ndi iwiri yomweyo basi, kufiira ndi kuyererako, kwa zaka pafupifupi 700. Ziwiya zakuda zilipo koma n'zochepa, ndipo zinkada chifukwa chotsekereza mpweya poziwotcha kuti utsi ulowerere m'dongo.

Chinsinsi chachikulu chinali chikombole. Ife chikombole timachidziwira ku njerwa, koma Moche ankaumbira nacho nkhope za anthu. Mmisiri ankayamba waumba chifanizo chenichenicho, cholimba, n'kuchiwotcha. Kenako ankachikuta ndi dongo laliwisi, n'kulidula pakati, kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchotsa zidutswa ziwirizo mosamala. Akaziwotcha, ndiye zikombole zimenezo. Pofuna nsupa yatsopano ankakanikizira dongo m'chidutswa chilichonse, n'kuziphatikiza, n'kumata msoko wake chamkati kudzera pansi pomwe panali posatseka. Dongo likamauma limanyala pang'ono, motero limadzimasula lokha m'chikombole. Chogwirira chija ankachiumba padera pokulunga dongo pa timitengo, n'kuchilumikiza pomaliza. Malo oumbira oterewa apezeka ku Cerro Mayal m'chigwa cha Chicama komanso m'mudzi waukulu umene unali pakati pa akachisi awiri akuluakulu a zidina, Huaca del Sol ndi Huaca de la Luna, ndipo m'menemo munali zikombole zambirimbiri, zida zokulungizira ndi ziwiya zimene zinaphulika pamoto.

Ena akamva za chikombole amagwa ulesi, amati ndiye kuti sizinali zaluso kwenikweni, zinali ngati za ku fakitale. Ine ndimaona mosiyana. Chikombole chinkatheketsa kuti chithunzi chimodzi, chovomerezeka ndi eni mphamvu, chifike m'zigwa zingapo osasintha ngakhale pang'ono. Kwa anthu opanda zilembo, imeneyi inali njira yofalitsira uthenga. Ndipo chifanizo choyambacho, chimene zikombole zonse zinkatengerako, chinkafuna dzanja la katswiri weniweni.

Umboni wake ndi nsupa za mitu ya anthu. Izi ndi nkhope za anthu amene anakhalapodi, osati nkhope yongoyerekeza ya "mfumu" kapena "msilikali". Uyu ali ndi mphuno yokhota, uyo masaya olendewera, wina diso limodzi lotupa, wina akumwetulira chamumtima ngati akudziwa kanthu kamene inu simukudziwa. Pafupifupi onse ndi amuna, ovala nduwira za nsalu zokongoletsedwa ndi mbalame kapena nyama. Christopher Donnan wa ku yunivesite ya UCLA anasonkhanitsa zithunzi za nsupa zotere zoposa 900 zimene zinamwazikana m'mayiko osiyanasiyana, n'kuyamba kuzifananiza. Anapeza kuti anthu ena amabwerezedwa. Mmodzi amadziwika ndi chipsera pa mlomo wam'mwamba chakumanzere, ndipo amaoneka pa ziwiya zoposa 40. Pa zina ndi kamnyamata, pa zina ndi mnyamata wosinkhuka, pa zina ndi bambo wa zaka za m'ma 30, chipsera chili pomwepo. Palinso ena amene pa nsupa imodzi avala zaufumu, koma pa ina avulidwa zonse, chingwe chili m'khosi. Ukaona zimenezi umadziwiratu kumene moyo wawo unathera.

Nsupa zina sizinaumbidwe m'chifanizo cha kanthu. Ndi zobulungira, zopakidwa dongo loyererako, ndipo pamwamba pake anajambulapo ndi kaburashi kosongoka, mizere yofiira yopyapyala ngati ulusi. Kujambula pa chinthu chobulungira n'kovuta, chifukwa suona chithunzi chonse nthawi imodzi, ndipo dongo louma limamwa utoto pompopompo, ukalakwitsa palibe kufufuta. Komabe ojambulawa ankakwanitsa kuika anthu makumi angapo pa nsupa yokwana m'manja awiri. Donna McClelland, amene anagwira ntchito ndi Donnan kwa zaka zambiri, ankakopera zojambulazi pa pepala ngati wazitambasula, kuti munthu aone nkhani yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Zitatambasulidwa choncho, zinaonekeratu kuti nkhani zake n'zowerengeka ndipo zimangobwerezedwa. Pali asilikali akumenyana awiriawiri ndi zibonga. Pali kusaka agwape ndi maukonde. Pali anthu othamanga atanyamula timatumba, pali mabwato a mabango, pali maliro a munthu wamkulu bokosi likutsitsidwa ndi zingwe. Palinso nkhani ina yodabwitsa imene zida ndi zovala zimamera miyendo n'kuyamba kuthamangitsa anthu. Za tsiku ndi tsiku, monga kulima kapena kuphika, sizipezeka kawirikawiri, ngakhale kuti ndi zimene anthu ambiri ankathera nazo moyo wawo.

Nkhani yaikulu pa zonse ndi mwambo wa nsembe. M'munsi mwa chithunzi muli amuna ogwidwa pankhondo, amaliseche, omangidwa manja, akudulidwa pakhosi, magazi akuwakhidwa m'zikho. Pamwamba pali munthu wamkulu wovala chisoti chosongoka chokhala ndi chokongoletsa chonga mwezi wongooneka kumene, ndolo zikuluzikulu, chipini chophimba pakamwa, ndi chitsulo chonga nkhwangwa chikulendewera kumbuyo m'chiuno, galu ali pamapazi pake. Akulandira chikho kuchokera kwa wina wooneka ngati mbalame. Kumbuyo kwa wambalameyo kukubwera mkazi wa malungo aatali a tsitsi othera m'mitu ya njoka, nayenso atanyamula chikho. Kwa nthawi yaitali anthu ambiri ankati izi ndi nthano za milungu.

Mu February 1987 anthu okumba manda mwakuba anaboola chulu cha zidina chotchedwa Huaca Rajada pafupi ndi mudzi wa Sipán, m'chigwa cha Lambayeque, ndipo anatulutsamo golide wodzaza matumba. Atakangana pogawana, nkhani inafika kupolisi, apolisi n'kuitana Walter Alva, amene ankayang'anira nyumba yosungiramo zakale ya Brüning. Alva ndi anzake anamanga msasa pamalopo, anthu a m'mudzimo akuwada chifukwa chowatsekera chuma, n'kuyamba kukumba mwadongosolo. Anayamba apeza chipinda chodzaza ndi ziwiya zoposa 1,000, zoumbidwa mwachangu pa chikombole, zopangidwira maliro basi. Kenako anapeza mafupa a mlonda wodulidwa mapazi. Pansi pake panali bokosi lamatabwa lomangidwa ndi zingwe za mkuwa, losakhudzidwa ndi wakuba aliyense.

Mwini bokosilo anali mwamuna wa zaka zapakati pa 35 ndi 45. Anaikidwa pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, ziweto ziwiri za ku Andes zotchedwa llama, ndi galu. Pamene ankachotsa zovala zake chimodzichimodzi, zinthu zija za pa nsupa zinayamba kutuluka: chokongoletsa chagolide chonga mwezi, ndolo zikuluzikulu, zipini, chitsulo cha kumbuyo m'chiuno. M'manda ena pa chulu chomwecho munali mwamuna wa chisoti cha kadzidzi, chikho cha mkuwa chili pafupi ndi dzanja lake lamanja. Mu 1991, ku San José de Moro m'chigwa cha Jequetepeque, Donnan ndi Luis Jaime Castillo anafukula mkazi woikidwa ndi chikho cha nsembe komanso zokongoletsa kumutu zofanana ndi za mkazi wa pa chithunzi uja. Ndipo mu 1995, pabwalo lina la Huaca de la Luna, Steve Bourget anapeza mafupa a amuna pafupifupi 70. John Verano, katswiri wa mafupa a anthu, atawapima anapeza mikwingwirima ya mpeni pa mafupa a pakhosi, komanso zipsera za mafupa amene anathyoka kale n'kupola, monga zimakhalira ndi anthu ozolowera nkhondo. Ena anagwera m'matope a mvula yamphamvu ya El Niño, yomwe ija imene kwathu kuno imabweretsa ng'amba koma ku gombe la Peru imagwetsa chigumula. Ojambula aja ankajambula zimene zinkachitikadi. Anthu enieni ankavala ngati milungu, ndipo amene ankawasandutsa milungu anali osula.

Osula a Moche chitsulo chathu chakuda sankachidziwa, mvukuto analibenso. Pomwe osula akale a kuno ankapopa mpweya ndi zikopa za mbuzi, iwo ankauzira moto ndi pakamwa kudzera m'mabango aatali okhala ndi nsonga za dongo. Pali chiwiya china chimene chikuonetsa amuna atazungulira ng'anjo, aliyense bango lili pakamwa. Mpweya wa m'mapapo ndi wofooka, motero ng'anjo zinali zazing'ono ndipo pankafunika anthu angapo osinthana. Ankadziwa kusungunula chitsulo n'kuchithira m'chikombole chopangidwa pa chifanizo cha phula, koma chimene ankakonda kwambiri ndi kusula. Ankamenya chibuma cha chitsulo ndi miyala yosalala mpaka chikhale chopyapyala ngati tsamba, n'kuchidula, kuchipinda, kuchitukumula chakumbuyo kuti chithunzi chituluke kutsogolo, kenako n'kulumikiza zidutswazo ndi timalilime tolowa m'timabowo, kapena kuziwotcherera. Chinthu chooneka ngati chibuma cholemera nthawi zambiri chimakhala chopanda kanthu mkati, chopangidwa ndi tizidutswa tambirimbiri.

Ndolo imodzi ya mfumu ya ku Sipán ikukwanira kuonetsa kumene luso limeneli linafika. Ndi yozungulira, yagolide, yoyalidwa timiyala tobiriwira todulidwa kuti tigwirane ndendende. Pakati pake paima kamsilikali kotalika ngati chala chachikulu cha kumanja. Kali ndi chibonga chimene chimachotsedwa m'dzanja, chishango, kachipini kogwedera pamphuno, timabelu m'chiuno, ndi mkanda wa timitu ta kadzidzi, kamutu kalikonse kobooledwa kuti ulusi wagolide udutse. Zonsezi popanda galasi lokulitsira zinthu. Palinso mkanda wa mtedza: makoko 20 akuluakulu, khumi agolide mbali ya kumanja, khumi asiliva mbali ya kumanzere, ndipo khoko lililonse lili ndi timizere ndi timaenje monga mmene mtedza weniweni umakhalira. Mtedza kwawo ndi ku South America komweko, kuno unachita kubwera. M'manda akale kwambiri pansi pa chulu chomwecho munapezeka mkanda wa akangaude khumi agolide, aliyense atakhala pa ukonde wake wa waya, pamsana pake pali nkhope ya munthu, ndipo m'kati mwake muli timipira tolira munthu akamayenda. Kulira kumeneku, pamodzi ndi timbale tating'ono tolendewera timene ankatisokerera pa zovala, kukusonyeza kuti zinthuzi zinapangidwira kuyenda padzuwa, zikuthwanima ndi kuchita phokoso pamaso pa khamu la anthu.

Koma zambiri zooneka zagolide si golide yekhayekha. Heather Lechtman wa ku yunivesite ya MIT ku America anadula tizidutswa ta zinthu za ku Loma Negra, manda a ku Piura amene anafunkhidwa mu 1969, n'kutiyang'ana pa makina okulitsira. Anapeza mkuwa wokutidwa ndi khungu lagolide lopyapyala modabwitsa, losapitirira magawo awiri mwa magawo 1,000 a milimita, lofanana paliponse, ngakhale m'mphepete. Zinkaoneka ngati zokutidwa ndi magetsi, chonsecho magetsi kunalibe. Iye anayesa kuchita zomwezo ndi zinthu zopezeka m'chipululu cha Peru. Anasungunula golide m'madzi otentha osakaniza mchere wamba ndi michere ina yowawa ya m'nthaka, n'kuchepetsa ukali wa madziwo ndi soda, kenako n'kuviikamo mkuwa wotsukidwa bwino. Mkuwa wapamwamba unasungunukira m'madzimo, golide n'kukhala m'malo mwake. Atautenthetsa pamoto, khungulo linagwirana ndi mkuwa, ndipo linafanana ndi la ku Loma Negra.

Njira yachiwiri inali yotulutsa golide kuchokera mkati. Ankasakaniza mkuwa wambiri ndi golide pang'ono, nthawi zina ndi siliva yemwe. Chitsulo ukamachisula chimauma n'kufuna kung'aluka, motero umayenera kuchibwezera pamoto pafupipafupi kuti chifewe. Nthawi iliyonse chikatenthedwa, mkuwa wa pamwamba umapsa n'kusanduka makoko akuda, pomwe golide sapsa. Ankachotsa makokowo ndi madzi owawasa a zomera kapena mkodzo wogonera, n'kusulanso, n'kutenthetsanso. Akabwereza kambirimbiri, pamwamba pankatsala golide ndi siliva. Siliva ankamudyetsa michere yowawa ija, ndipo akakulungiza, chinthu chonse chinkawala ngati golide weniweni.

Asipanishi atafika m'zaka za m'ma 1500 n'kuyamba kusungunula chuma cha ku Andes, anadandaula kuti zambiri zinali zosakaniza ndi mkuwa. Kwa iwo golide anali kulemera kwake pa sikelo. Lechtman anafotokoza kuti anthu a ku Andes ankaona zina. Chimene ankafuna ndi mtundu, ndipo pa njira yachiwiri ija mtunduwo unkachokera m'kati mwa chitsulocho, ngati kuti mmisiri akungoulula chimene chinabisala. Mfundo imeneyi imandigwira mtima, ngakhale ndimaona kuti njira yoyamba ija, yongokuta mkuwa, imasonyeza kuti nawonso ankadziwa kutambasula golide wochepa kuti akwanire zambiri. Nthaka ndiyo inawaulula. Zinthu zambiri za ku Sipán zinatuluka zili zobiriwira ndi dzimbiri la mkuwa, ndipo zina anazitumiza ku Mainz ku Germany kuti akazikonze. Lero zili mu nyumba ya Tumbas Reales de Sipán ku Lambayeque, imene inatsegulidwa mu 2002. Zimene akuba aja anatenga zinamwazikana. Chitsulo chimodzi chagolide cha m'chiuno chinagwidwa ndi apolisi a FBI a ku America mumzinda wa Philadelphia mu 1997, anthu akufuna kuchigulitsa pa madola 1.6 miliyoni.

Nsalu zawo zambiri zinaola, chifukwa gombe la kumpoto lili ndi chinyezi ndi mchere kuposa la kumwera kumene nsalu za anthu akale a ku Paracas zinasungika. Mbale ina imene ili ku British Museum ikuonetsa akazi atakhala pansi pa denga akuomba nsalu, mbali imodzi ya ulusi yomangidwa pa mtengo, ina m'chiuno mwawo. Mtolo wa nsalu wosungika bwino unapezeka mu 2005 ku Huaca Cao Viejo, pamalo otchedwa El Brujo, ndi gulu la Régulo Franco. Atamasula nsalu za thonje zokulungidwa kambirimbiri, anapeza mkazi wa zaka za m'ma 20, thupi lake lopakidwa utoto wofiira, m'mikono muli zojambula za njoka ndi akangaude. Anali ndi zipini zagolide ndi siliva makumi angapo, komanso zibonga zikuluzikulu ziwiri, zida zimene aliyense ankaganiza kuti ndi za amuna okha.

Makoma a Huaca de la Luna ndi nkhani yomwe ija ya pa nsupa, koma yokuzidwa kuti khamu liione. Pakhoma loyang'ana bwalo lalikulu pali mizere yosanjikizana: asilikali akukoka ogwidwa, anthu ogwirana manja, akangaude onyamula mipeni, ndi nkhope ya mano a chilombo imene Larco anaitcha Ai Apaec. Apa mitundu ndi yambiri, yofiira, yachikasu, yoyera, yakuda ndi yobiriwira motuwa. Inasungika chifukwa pakapita mibadwo ingapo ankakwirira kachisi yense ndi zidina n'kumanga wina pamwamba pake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 500 kunagwa chilala cha zaka pafupifupi 30, chimene umboni wake umaoneka m'madzi oundana a pamwamba pa mapiri a Andes ku Quelccaya, ndipo zigumula zinawononga ngalande. Moche sanathe pomwepo. Anamanga midzi ina monga Pampa Grande ndi Galindo, ndipo pofika cha m'ma 800 kaumbidwe kawo kanali katazimirira. Achimú a ku Chan Chan, amene anadza pambuyo, anapitiriza chikombole ndi chogwirira chopindika chija, koma ziwiya zawo zambiri n'zakuda, ndipo nkhope za anthu enieni sizinabwererenso.

Dzina la mmisiri ngakhale mmodzi silinatsale. Donnan ndi McClelland anatha kuzindikira manja a ojambula ena poona mmene aliyense ankajambulira mphuno, bondo kapena zala, monga mphunzitsi amazindikirira wolemba kalata yopanda dzina. Chapafupi ndi siginecha chili pa zidina za Huaca del Sol, chimene chinamangidwa ndi zidina zoposa 100 miliyoni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600 Asipanishi ofuna golide anapatutsa mtsinje wa Moche kuti ukokolole chuluchi, ndipo mbali yaikulu inapita ndi madzi. Pamene panagumukapo pakuoneka kuti chinamangidwa m'zigawo zoimirira, zogundana koma zosalukana, ndipo zidina zambiri zili ndi zizindikiro zodindidwa dongo likadali laliwisi: madontho, mizere yopingasa, chikhatho, phazi. Zizindikirozi zilipo mitundu yoposa 100, ndipo kawirikawiri chigawo chimodzi chimakhala ndi chizindikiro chimodzi. Akatswiri ambiri amati mudzi uliwonse unkapatsidwa gawo lake loti uumbe ndi kumanga, ndipo unkadinda zidina zake kuti kapitawo powerenga asanene kuti sunabwere ku ntchito.